Yankho langa kwa azakhali pa za ntchito yovina

Azakhali, mwaswera bwanji kumeneko? Funso lanu lija ndalimva, loti kodi kuvina ndikuchita kuno ku Manchester ndi ntchito yoti munthu n'kudyerapo, komanso ngati n'zoona kuti masana ndimagona, usiku n'kumakachezera m'mabala ndi amuna a eni. Mwachita bwino kufunsa poyera pagulu pano, chifukwa ndikudziwa kuti enanso amadzifunsa chamumtima. Ndati ndijambule mawu, polemba sindingafotokoze bwino. Mundipirire, nditalikitsako pang'ono.

Guleyu dzina lake ndi Lindy Hop, ena amangoti swing potengera nyimbo zake. M'mavidiyo ndimatumiza aja mumaona azungu ambiri, ndiye mwina mumati ndi gule wawo. Ayi ndithu, azakhali. Anayambitsa ndi anthu akuda a ku America, m'dera la Harlem mumzinda wa New York, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920. Kunali holo yaikulu yotchedwa Savoy Ballroom, inatsegulidwa mu 1926. Nthawi imeneyo tsankho linali litafika povuta, malo ambiri munthu wakuda samulola n'kulowa komwe, koma pa Savoy akuda ndi azungu ankavina limodzi. Woyimba ng'oma wina dzina lake Chick Webb ndiye ankayimba pamenepo ndi gulu lake, ndipo Ella Fitzgerald anatchukira m'gulu lomwelo akadali mtsikana. Aliyense wobwera kudzaphunzira kwa ine ndimayamba ndamuuza zimenezi asanaponye phazi. Sindifuna munthu azivina gule eni ake osawadziwa.

Ndipotu inu kamvekedwe kake mumakadziwa kale. Kwela uja ankayimba a Daniel ndi a Donald Kachamba a ku Chileka anachokera m'makomboni a ku Joni, komwe anyamata anatengera kagundidwe ka swing kuchokera m'nyimbo za ku America. Nthawi zina ndimayika kwela pa dansi kuno, anthu amavina osaphonya ngakhale pang'ono. Ngati makaseti a achimwene anu aja akadalipo m'nyumba, chonde asatayidwe.

Tsopano tsiku langa. M'mawa mulibe kuvina. Ndimakhala pa kompyuta kuyankha mauthenga, kulipira holo, kulemba amene alipira ndi amene sanalipire. Maholo ake ambiri ndi a tchalitchi kapena a m'dera, timachita lendi pa ola. Ndimadzilemba ndekha ntchito, ndiye za msonkho ndimayendetsanso ndekha, pofika pa 31 Januwale zonse zikhale zitapita ku boma. Kenako ndimawongola thupi, makamaka mawondo ndi msana, chifukwa bondo likangovulala ndiye kuti malipiro ayima tsiku lomwelo.

Masana ndi a nyimbo, ndipo kunena zoona apa ndi pamene pali mtima wanga. Anthu amaganiza kuti DJ amangodina batani. Ine ndimakhala pansi ndi zomvera m'makutu, kumvetsera nyimbo za m'ma 1930 ndi 1940, za Count Basie, za Duke Ellington, imodziimodzi. Zambiri ndi za mphindi zitatu zokha, chifukwa malekodi akale aja mbali imodzi inkangokwana pamenepo. Ina inajambulidwa bwino, ina ili ndi phokoso moti m'holo yaikulu ng'oma sizingamveke, imeneyo ndimayiyika pambali ngakhale ndiyikonde bwanji. Iliyonse ndimayilemba liwiro lake. Ongoyamba kumene amafuna yogunda ka 120 kapena 140 pa mphindi, akatswiri amafika mpaka 200 n'kupitirira. Koma ngakhale ndikonze bwanji, usiku wake chimene chimalamula ndi anthu ali pabwalo. Mukudziwa woyimba ng'oma pa chimtali, maso ake sakhala pa ng'oma, amakhala pa miyendo ya amayi. N'chimodzimodzi. Ndikaona anthu atopa, thukuta lili kamukamu, ndimatsitsa. Ndikaona atsopano akhala m'mphepete akuchita manyazi, ndimayika yofatsa yoti nawonso adzuke. Munthu amene wakhala pampando usiku wonse akanyamuka chifukwa cha nyimbo imene ndasankha, eee, azakhali, ndimapita kunyumba mtima uli mbee.

Makalasi amayamba madzulo anthu akaweruka kuntchito, cha m'ma 7. Ndimafika msanga, kusesa, kusuntha mipando, kuyesa masipika. Amabwera anamwino, ana asukulu za ukachenjede, madalaivala, agogo opuma pantchito. Tsono pa nkhani ya amuna a eni ija, ndikufotokozereni mmene zimakhalira. Anthu amayima mozungulira awiriawiri, wina wotsogolera, wina wotsatira, ndipo pakapita mphindi zochepa ndimati sinthani, aliyense n'kusunthira kwa wina. Palibe amene amakakamira munthu mmodzi. Mayi akhoza kutsogolera, bambo n'kutsatira, zilibe kanthu. Lamulo lathu ndi loti umapempha kaye, ndipo wina akakana wakana, sufunsa chifukwa. Wogwira mnzake mosayenera timamuchenjeza, akabwereza timamutulutsa. Zimenezi ndimazitenga mwamphamvu kwambiri, chifukwa kuno anthu ambiri amakhala okhaokha m'nyumba, ena sabata yonse osagwirana chanza ndi munthu, ndiye akabwera kwa ife ayenera kupeza malo otetezeka. Mowa ulipo m'malo ena, sindikana, koma ovina ambiri amangomwa madzi. Gule wothamanga chonchi woledzera sangamuthe. M'chikwama changa mumakhala nsapato zoterera kunsi, malaya osinthira ndi botolo la madzi, basi.

Kumapeto kwa sabata nthawi zina amandiyitana kukaphunzitsa kapena kukayika nyimbo m'mizinda ina, pena paukwati. Ku Sweden kuli kamudzi kotchedwa Herräng komwe ovina a m'mayiko ambiri amasonkhana mwezi wa Julaye, kumeneko timakaphunzira kwa anzathu.

Za ndalama sindikunamizani. Si ntchito yolemeretsa, ndipo sizibwera mofanana. Januwale makalasi amadzaza, nyengo yotentha anthu amapita kutchuthi holo n'kukhala pululu, koma lendi yake osasintha. Ndiye mwezi wabwino ndimasunga za mwezi woyipa. Ngakhale Frankie Manning, mmodzi mwa akatswiri enieni a pa Savoy, guleyu atazilala anakagwira ntchito ku positi ofesi zaka pafupifupi 30. Anthu anachita kukamufunafuna m'ma 1980, n'kuyambiranso kuphunzitsa ali ndi zaka zoposa 70, mpaka anamwalira mu 2009 ali ndi zaka 94. Aphunzitsi amene anandiphunzitsa ine anaphunzira kwa anthu amene iye anawaphunzitsa, ndipo ndimayiona kuti ndi ntchito yolemekezeka. Lendi ndikulipira, ndikudya bwino, ndipo ya mankhwala a amayi ija sinadumphepo mwezi.

Lachisanu lino ndijambula kalasi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndikapempha kaye ophunzira ngati alola, kuti mudzaone nokha mmene timachitira. Pano ndiyambe ndanyamuka, ndikatenge kiyi wa holo asanatseke ofesi. Mupereke moni kwa onse kunyumbako.