Za maekala 40 aja ndi agwape a ku Indiana, yankho langa kwa achimwene

Achimwene, funso lanu ndinaliona dzulo usiku koma ndinali pa shifiti, ndiye ndati lero ndikhale pansi ndikuyankheni bwinobwino chifukwa ndalama zogulira malo si zoseweretsa. Kwa amene sanalione, akuluwa akuti apeza malo a maekala 40 chakummwera kwa South Bend, wogulitsayo akuti agwape ali mbwee, ndiye akufunsa ngati maekala 40 akukwana kuti agwapewo azikhala pompo iwo azisaka chaka ndi chaka, kapena adikire kaye apeze okulirapo.

Ine ndakhala ndikusaka ndi apongozi anga kuno zaka 8 tsopano, ndiye ndikuuzani zimene ndaona ndi maso. Maekala 40 sangasunge gwape, olo maekala 100 sangamusunge, koma angathe kumukopa kuti masana azigona kwanu, ndipo kwa mlenje zimenezo ndi zomwe zimafunika.

Ndikudziwa kuti kwa ife okulira kumudzi maekala 40 akumveka ngati esiteti, kwathu banja lonse limadya pa ekala imodzi kapena awiri. Koma tayesani kuwayeza. Maekala 40 ndi mahekitala 16, malowo akakhala a mbali zofanana ndiye kuti ndi mamita 400 uku mamita 400 uku, basi. Gwape akadzidzimuka amadutsa pamenepo mphindi imodzi isanakwane. Pomwe gwape wa kuno, uyu amati whitetail yu, dera lomwe amayendamo pa chaka limakhala cha m'ma ekala 640, ndiye kuti mailo imodzi uku mailo imodzi uku. Aakazi amayenda pang'ono, makamaka ngati chakudya chili pafupi, koma amphongo ikafika Novembala nthawi yokwerana ija amachita ngati apenga, atha kuyenda mamailo angapo usiku umodzi kufuna yaikazi, osadya osagona. Ndiye mphongo yomwe wogulitsayo wakuonetsani pa chithunzi cha kamera, dziwani kuti aneba asanu kapena khumi nawonso ali nacho chithunzi chomwecho m'mafoni mwawo ndipo aliyense akuti ndi yake.

Komanso mwalamulo si yanu ndithu. Ku America kuno nyama zakutchire zili m'manja mwa boma la steti m'malo mwa anthu onse, mwini malo ali ndi ufulu woletsa anthu kulowa pamalo pake koma gwapeyo sakhala wake mpaka atamupha motsata malamulo. Izi ndimazinena chifukwa ambiri timabwera ndi maganizo a mbuzi, kuti chili pamalo panga ndi changa.

Tsopano mbali yomwe imandisangalatsa ine. M'dera lalikulu lija, gwape ali ndi kagawo kochepa komwe amathera nthawi yambiri masana, pogona pake, ndipo kagawo kameneko katha kulowa m'maekala 40 anuwo bwinobwino. Funso ndi loti pamalopo pali chiyani. Apongozi anga ali ndi maekala 35 okha koma sipapita chaka osapha, pomwe munthu wina chapafupi pomwepo ali ndi malo okula kuposa pamenepo kanayi, mitengo italiitali yokongola pansi pake poyera ngati posesa, gwape amangodutsa usiku basi. Chifukwa chake n'choti nkhalango ya mitengo ikuluikulu ilibe chilichonse pa msinkhu wa gwape. Iye amadya masamba, nsonga za zitsamba, mphukira, zinthu zomwe angafikire ndi pakamwa, ndipo wamkulu amafuna pafupifupi makilo 3 patsiku. Pobisala pake napo ndi pomwepo, m'ziyangoyango, mu udzu wautali, m'dambo lowirira lomwe munthu ungamire nalo nsapato. Ndiye mukapita kukaona malowo musakopeke ndi pokongola. Pomwe mukuona kuti apa ndiye sindingadutse, minga yokhayokha, pamenepo ndiye pali ndalama yanu.

Chakudya ku Indiana si vuto kwenikweni nthawi yotentha, minda ya chimanga ndi soya ili mbali zonse ndipo agwape amadya kwa alimi ulele. Vuto limabwera akakolola. Kumapeto kwa Okutobala makombaini akadutsa, dziko lonse limakhala mbee, munda womwe dzulo umabisa agwape makumi lero ndi dothi lokhalokha, ndiye onse amathamangira pomwe patsala tchire. Ngati malo anu ndi kachilumba ka tchire pakati pa minda, maekala 40 amenewo amagwira ntchito ngati 200. Koma ngati ali pakati pa nkhalango yaikulu yofanana paliponse, palibe chifukwa choti gwape asankhe kwanu kusiya kwa neba. Yang'anani pa mapu a setilaiti mailo imodzi mbali zonse musanalipire kalikonse, muone minda ili kuti, mtsinje uli kuti, mizere ya mitengo yolumikiza nkhalango ina ndi ina ikudutsa pati, chifukwa mikwaso yawo imatsata zimenezo. Muonenso ngati pali mitengo ya oak, makamaka white oak, mtedza wake umagwa cha m'Seputembala ndi Okutobala ndipo agwape amaukonda kuposa wa red oak chifukwa siwowawa kwambiri. Madzi nawo, kamtsinje kapena kadziwe kakang'ono kakwana.

Ena mu gulu muno anena kuti mungothira chimanga ndi mchere agwape abwera okha. Chonde musayerekeze. Ku Indiana kusakira pa nyambo n'koletsedwa, malo amene panali nyambo amawerengedwabe kuti ndi a nyambo mpaka masiku 10 mutachotsa zonse, ndipo mchere umalowa m'dothi moti umafunika kufukula. Ku Michigan nako, steti yoyandikana nafe kumpotoku, mbali yakumunsi ija analetsa nyambo kuyambira 2019. Chololedwa ndi kulima, kamunda ka ekala imodzi kapena awiri ka clover, kapena mpiru ndi ma turnip zodya nthawi yozizira, zimenezo ndi ulimi si nyambo. Ife tinalima kathu pakati penipeni pa malo, kutali ndi msewu ndi malire, kuti gwape akadzuka madzulo afike kudakali kowala.

Koma chomwe chimathamangitsa agwape pa malo aang'ono si njala, ndi ife eni ake. Mphuno ya gwape ndi yoopsa abale, mukadutsa pamalo m'mawa madzulo adziwa kuti panadutsa munthu. Chaka changa choyamba ndinkalowa m'tchire pafupifupi tsiku lililonse kukaona makamera, pofika sizoni zithunzi zonse zinali za usiku, masana zii. Apongozi anandikhazika pansi n'kundiuza kuti theka la malo aja, kudambo kuja, sikupondedwa ndi munthu chaka chonse pokhapokha polondola nyama yolasidwa. Ndiye pa maekala 40 anuwo werengani kuti 15 kapena 20 mwawapereka kwa agwape, inu muzisakira m'mbalimbali, nsanja ziwiri kapena zitatu m'mitengo, iliyonse ya mphepo yakeyake, ndipo tsiku lomwe mphepo ikutenga fungo lanu kupita kogona kwawo musapite n'komwe, khalani kunyumba. Apa ndi pomwenso muyenera kudzifunsa kuti osaka mukhala angati. Maekala 40 ndi a munthu mmodzi kapena awiri. Ndikudziwa mmene tilili, mukangogula abale onse a mu South Bend ndi Indianapolis adzafuna kubwera Loweruka loyamba, koma anthu asanu pa mamita 400 ndi mfuti, agwape athawa komanso ngozi yake ndi yaikulu.

Aneba ndiye nkhani ina yomwe wogulitsa sangakuuzeni. Ku Indiana mlenje amaloledwa mphongo imodzi yokha ya nyanga pa chaka, zomwe zathandiza kuti zina zizikula, koma ngati aneba anu amawombera kamphongo kalikonse ka chaka chimodzi ndi theka, inu kusiya kwanu kuti kakule sikuphula kanthu. Ndipo timphongo ta msinkhu umenewo tambiri timachoka komwe tinabadwira n'kukakhazikika mamailo angapo kutali, ndiye yomwe yabadwira kwanu idzakulira kwa wina, yanu idzachokera kwina. N'chifukwa chake eni malo aang'onoang'ono amapanga mgwirizano, anthu khumi a maekala 40 kapena 80 kugwirizana kuti timphongo tating'ono tizisiya ndipo aakazi tizipha angati. Bungwe lomwe linkatchedwa QDMA, lomwe linayamba mu 1988 ku South Carolina ndipo kuyambira 2020 likutchedwa National Deer Association, lakhala likulimbikitsa zimenezi kwa nthawi yaitali. Chinanso, gwape wolasidwa ndi muvi kawirikawiri amathamanga mamita 100 kapena kuposa asanagwe, pa malo aang'ono ndiye kuti wagwera kwa neba, ndipo kuno simungalowe kukamutenga popanda chilolezo cha mwini malo. Zinandichitikira ine, magazi ndinawalondola mpaka pa waya wa malire, mwiniwake anakana, nyama yonse inaonongeka ndipo mpaka lero zimandiwawa. Pitani mukagogode kwa aneba musanagule, mukawapatse moni, mumve mtima wawo.

Munafunsanso za fensi. Fensi yotchinga gwape imayenera kutalika mafiti 8, pafupifupi mamita awiri ndi theka, ndipo kuzungulira maekala 40 ndi mailo yathunthu ya waya, ndalama yake si yochepa. Komanso simungangotsekera agwape akutchire mkati n'kunena kuti ndi anu. Malo osakira otchingidwa ku Indiana ali ndi lamulo lawo la 2016, amafuna layisensi, atsopano amafunika maekala osachepera 100, ndipo nyama zake zimakhala zoweta zochita kugula. Imeneyo ndi bizinesi ina, si yomwe mukufuna inuyo. Ine pandekha sindiikondanso, chifukwa nyama zikaunjikana matenda amafala. CWD, matenda a ubongo aja omwe alibe mankhwala, anayamba kuoneka mu 1967 ku Colorado pa agwape otsekeredwa, ku Michigan anapezeka kutchire mu 2015, ndipo mu 2024 anapezeka kuno ku LaGrange County, komwe si kutali ndi komwe mukufuna kugulako. Ndiye mukapha muzipimitsa, DNR, dipatimenti ya boma la steti yoona za chilengedwe, imalengeza komwe mungapereke mutu kuti awuyeze. Palinso nthenda ina ya EHD yomwe imafalitsidwa ndi tizilombo touluka tating'ono ta m'matope chaka cha chilala, agwape amakafera m'mbali mwa madzi, 2012 inapha ambiri dera lino lonse. Zimenezi malo akule achepe zimafika basi.

Ndipo musaganize kuti agwape ambiri ndiye zabwino. Steti ino agwape anatheratu cha m'ma 1893, anachita kuwabweretsanso kuyambira 1934, kusaka kunatsegulidwanso mu 1951. Koma ku Brown County State Park komwe kunalibe kusaka anachulukana mpaka kudya chilichonse chofikirika, maluwa ndi timitengo tating'ono zonse psiti, nyama zake zowonda, mpaka mu 1993 boma linachita kulowetsa alenje kuti azichepetse. Mukaona pamalo panupo masamba onse atha kuyambira pansi kufika pa chifuwa cha munthu, mzere wowongoka ngati wodula ndi sizasi, dziwani kuti achuluka kuposa chakudya ndipo muyenera kupha aakazi ena. Yaikazi yodya bwino imaswa awiri kumapeto kwa Meyi kapena mu Juni, ndiye amabwerera msanga.

Ndiye maganizo anga, ngati maekala 40 amenewo ali ndi dambo kapena tchire lowirira, minda ili pafupi, njira yolowera ilipo yoposa imodzi kuti muzisintha malinga ndi mphepo, ndipo aneba ndi anthu omva, gulani, musadikire 200 omwe mwina simudzawakwanitsa. Ngati ndi munda woyera ndi kamzere ka mitengo m'mphepete, kapena aneba mbali zonse ali ndi nsanja zoyang'ana kwanu, asiyeni olo mtengo utsike. Ngati munabadwa 1986 itadutsa mufunika kaye kosi ya alenje musanagule layisensi yeniyeni yosakira, ndipo za mfuti zimadaliranso mapepala omwe muli nawo, zimenezo mufunse kwa odziwa malamulo musanagule chida chilichonse. Sizoni ya uta imayamba pa 1 Okutobala, ya mfuti Loweruka loyamba likadutsa 11 Novembala.

Ngati wogulitsayo angadikire, nthawi yabwino yoyendera malo ndi Febuluwale kapena Malichi chipale chikungosungunuka kumene, masamba kulibe, mikwaso yonse imaoneka, pogona pawo pamaoneka udzu utagona, mitengo yomwe amphongo anakhulapo nyanga imaoneka yosupuka, mwinanso mutola nyanga zomwe zagwa. Mundiimbire tidzapite limodzi Loweruka lina, mudzavale majombo chifukwa kudamboko tikalowako.