Kwa mayi amene mwafunsa za hops ya tulo

Mayi, nditawerenga zoti mwatha miyezi osagona ndipo wina akukunyengererani kugula makapisozi a hops (maluwa owawitsa mowa amene ena amamwa kuti apeze tulo), mtima wanga wagunda kwambiri, chifukwa njira imeneyi ndinaidutsa mu 2022 bambo a ana anga atamwalira kuno ku Nkhotakota. Usiku ndinkangotembenuka pamphasa mpaka kumva asodzi akubwerera kuchokera kunyanja. Kuchipatala anandipatsa mapiritsi ogonetsa oti ndimwe masiku ochepa chabe, koma mayi wina wogulitsa zitsamba pa WhatsApp anandiuza kuti makapisozi ake a hops ndi achilengedwe, sangapweteke munthu, ndingathe kumwera limodzi ndi mapiritsi aja, ndipo tulo tikachedwa ndiwonjezere.

Tsiku lachinayi ndinali nditatopa kotheratu, moti ndinamwa piritsi ndi makapisozi awiri dzuwa lisanalowe. Pambaula panali mphika wa phala la mdzukulu wanga wa zaka zitatu, ndipo ndinakhala pakhonde kudikira kuti lipse. Sindikumbukira pamene ndinatsekera maso. Mwana anakoka mphika uja, phala lotentha linamutayikira padzanja, analira mpaka mayi woyandikana nafe nyumba anathamanga kuchokera kuseri kwa mpanda, koma ine amene ndinali pomwepo sindinamve kanthu. Anachita kundigwedeza paphewa kangapo. Nditadzidzimuka ndinaona akumuviika dzanja m'ndowa ya madzi ozizira, khungu litatuwa, mwana akuitana agogo, ndipo miyendo yanga inakana kuimirira. Pa kabaza wopita kuchipatala anamunyamula ndi mayi aja, chifukwa manja anga analibe mphamvu zogwira mdzukulu wanga yemwe. Chipsera chija ali nacho mpaka lero, ndipo ndimachiona tsiku lililonse pomusambitsa.

Nditamuimbira wogulitsa uja, anandiyankha kuti mwana ndi wanga ndikanamuyang'anira, kenaka ananditsekera nambala. Munthu wotere akudya ndalama za amayi ofedwa ndi odwala, pamene sadziwa n'komwe chimene chili m'botolo lake. Silinali ndi dzina la kampani, mlingo kapena tsiku lothera ntchito, ndipo zimandiwawa kuti akugulitsabe.

Hops yeniyeni ndi maluwa a chomera choyanga chotchedwa Humulus lupulus, omwe amawawitsa mowa wa m'mabotolo, ndipo mphamvu yake ili mu ufa wachikasu wa m'kati mwa duwa wotchedwa lupulin. Imalimidwa kwambiri ku Hallertau m'dziko la Germany, kuchigwa cha Yakima ku America, komanso pang'ono kufupi ndi tauni ya George ku South Africa, chifukwa imafuna masiku a dzuwa lotalika kuposa athu kuno. Choncho wina akanena kuti wathyola m'munda mwake kuno kunyanja, mumufunse bwino. Bungwe loona za mankhwala ku Ulaya la European Medicines Agency limavomereza hops pa nkhawa yochepa ndi kuthandiza tulo, koma potengera kuti anthu aigwiritsa ntchito kwa zaka zambiri. Vuto n'lakuti imawonjezera mphamvu ya mowa ndi ya mapiritsi ogonetsa, zimene dokotala anandifotokozera usiku womwe uja akumanga bala la mwana. Ilinso ndi chinthu chogwira ntchito mofanana ndi homoni ya akazi yotchedwa estrogen, kotero mayi woyembekezera, woyamwitsa kapena amene anadwalapo khansa ya m'mawere asaiyambe asanafunse dokotala.

Komabe sindikukuuzani kuti muitaye, chifukwa ine ndimamwabe. Nditasiya mapiritsi aja, mwana wanga wa ku Lilongwe anandigulira tiyi wa hops wosakaniza ndi chitsamba china chotchedwa valerian ku famase, wa m'bokosi lolembedwa bwino, ndipo kapu imodzi imandikhazika mtima pansi, ngakhale kuti ndi wowawa zedi. Ndimamwa mbaula itazima ndiponso mwana atagona. Ngati simukumwa mankhwala ena mukhoza kuyesa wotereyu, koma pakatha milungu iwiri tulo tisakubwera, pitani kuchipatala ndi bokosilo m'manja akakupimeni, chifukwa kwa ine chimene chinkandilanda tulo kwenikweni chinali chisoni cha maliro.