Mzukwa wa bambo pa kanyenya: kuyankha kalata ya achemwali a ku America

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa kwathu amene akukhala ku America. Dzina sinditchula. Akuti mlongo wawo wamng'ono, amene anawaululira zaka zingapo zapitazo kuti amakonda amuna anzake, wawagulira tikiti yokaonera sewero lotchedwa Fat Ham. Atafufuza apeza kuti muli mzukwa, muli maliro, muli chikondi cha anyamata awiri, komanso akuti ndi loseketsa. Funso lawo ndi ili: kodi zimenezi zimagwirizana bwanji? Si kunyoza akufa kumeneku? Nanga mlongo wawoyo akufuna kuwauza chiyani?

Achemwali, zikomo pondikhulupirira. Za mumtima mwa mlongo wanu akudziwa ndi mwiniwake, koma za sewerolo nditha kukufotokozerani.

Analemba ndi James Ijames, ndipo linapata mphoto ya Pulitzer m'chaka cha 2022. Linayamba kuonetsedwa ngati kanema ndi Wilma Theater ya ku Philadelphia mu 2021, nthawi ija mliri wa Covid-19 unatseketsa mabwalo a zisudzo. Mu 2022 linafika pa siteji ya Public Theater ku New York, wotsogolera ali Saheem Ali, mwana wa ku Kenya, kenako mu 2023 linakwera ku Broadway, dera la mabwalo akuluakulu a zisudzo ku New York komweko. Fupa la nkhaniyi ndi Hamlet, sewero la Shakespeare la zaka zoposa 400 zapitazo, koma Ijames anachotsamo nyumba yachifumu ya ku Denmark n'kuikamo bwalo la kuseri kwa nyumba ya banja la anthu akuda kummwera kwa America. Banjali ntchito yake ndi yootcha nyama ya nkhumba, kanyenya weniweni.

Mnyamata wake ndi Juicy, wonenepa, wofatsa, wophunzira pa intaneti. Bambo ake, Pap, aphedwa kundende. Maliro asanazizire, mayi ake Tedra akwatiwa ndi Rev, m'bale wa malemuyo, ndipo tsiku la sewerolo ndi la phwando la ukwati umenewo. Ife a ku Malawi apa sitidabwa kwenikweni, chokolo timachidziwa, ndipo timadziwanso mmene ana amaonera zinthu zikatero: ndalama ya sukulu ya Juicy yathera kukonza bafa. Ali mkati mokongoletsa pabwalo, mzukwa wa Pap utulukira, n'kumuuza Juicy kuti amene anakonza zoti bambo akewo aphedwe ndi Rev, ndiye amulipsire.

Apa ndi pamene ndikufuna tichedwepo, chifukwa funso lanu lagona pamenepa. M'chinenero chathu timasiyanitsa mzimu ndi mzukwa. Mzimu wa kholo timaulemekeza, akale ankauthirira nsembe, umabwera kumaloto kudzachenjeza kapena kudzapempha kuti aukumbukire. Mzukwa ndi wina: wakufa amene sanagone, amene akuvutitsa amoyo. Pap ndi mzukwa. Ali moyo anali munthu wankhanza, kundende anapitira kupha munthu, ndipo mwana wakeyo ankamunyoza kuti ndi wofewa, si mwamuna. Imfa sinamusinthe ngakhale pang'ono. Sabwera kudzapepesa. Abwera kudzalamula, ndipo lamulo lake tanthauzo lake ndi lakuti: tenga mpeni, sonyeza kuti ndiwe mwamuna ngati ine.

Ndiye mzukwawu suli m'sewero kuti utiopseze kapena kuti useke zikhulupiriro za anthu. Uli m'menemo chifukwa pali chisoni china chimene chimavuta kuchionetsa mwa njira ina iliyonse: kulira kholo limene silinakulandire. Bambo akamwalira mutagwirizana, umalira n'kupukuta misozi. Akamwalira mawu awo omaliza kwa iwe ali onyoza, mkanganowo sutha, umangosowa woyankha. Mawu aja amakutsata kubafa, kuntchito, ngakhale pamene wina wakugwira dzanja mwachikondi. Wolemba sewero alibe njira yolowera m'mutu mwa munthu monga amachitira wolemba buku, choncho amawaveka thupi mawuwo n'kuwaimika pa siteji kuti tonse tiwaone. Mochenjera, Ijames anakonza kuti Pap ndi Rev aziseweredwa ndi munthu mmodzi. Wakufa ndi wamoyo nkhope ndi imodzi, nkhanza ndi zomwezo. Juicy ngakhale aphe Rev, sanachotse kanthu.

Msuweni wake, Tio, amene amaoneka ngati wachibwana, ndiye amanena zolemera: bambo kundende, agogo kundende, kubwerera m'mbuyo mpaka ku ukapolo. Nkhanza zimasiyiranidwa ngati munda.

Za chikondi, musayembekezere zambiri zapoyera. Larry, mnzake wa Juicy kuyambira ubwana, wabwera kuphwandoko atavala yunifolomu ya usilikali, mayi ake akumunyadira. Pamene atsala awiri, m'pamene amaulula kuti watopa ndi kuuma mtima, akulakalaka kufewa komwe anthu amamunyoza nako Juicy. Kwa ine malo amenewa ndiwo mtima wa sewero lonse. Ndipo Juicy si mngelo ayi. Pamene wapanikizika amaulula chinsinsi cha Larry pamaso pa mayi a Larryyo, chinthu choipa chimene amene anachitiridwapo sangachiiwale. Ndimalikonda sewerolo chifukwa silimubisira cholakwa chimenechi.

Tsono kuseka. Achemwali, mwaiwala kusiwa kwathu? Usiku wa maliro azimayi ali m'nyumba kuimba, panja pamoto amuna akusimba nthabwala, adzukulu akuchita zawo zoseketsa, ndipo palibe amati akunyoza malemu. N'chimodzimodzi apa: pali karaoke, pali magule, pali kutukwanizana kwa pachibale. Ndikuchenjezeni kuti pakamwa pa anthu a m'seweroli mpowola ndithu, ngati makutu anu ndi a kwaya ya Chigwirizano mukonzekeretu. Ndinenenso kuti mathero ake ena amawaona ngati othamanga. Hamlet amatha mitembo ili mbwee, pomwe apa, kupatula Rev amene amatsamwidwa ndi nyama, osewera amangokana kufa, n'kusandutsa siteji malo ovina, Larry atasintha zovala mochititsa kaso. Ine poyamba ndinkaona ngati wolemba wathawa nkhani. Pano ndimaona kuti anachita dala: masewero ndi mafilimu ambiri onena za anthu ngati Juicy amathera kumanda, ndiye iye anafuna kuti kamodzi kokha mwana wotere afike kumapeto ali moyo.

Mwandiuza kuti bambo anu anatisiya mlongo wanu asanapite kumudzi kukawaona. Kumbukiraninso kuti kwathu malamulo amalangabe amuna ogonana okhaokha mpaka zaka 14 kundende, ndipo mu June 2024 khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linakana kuwachotsa. Mwina ulendo wa kumaliro kwa iye sunali wophweka monga unalili kwa inu.

Sewerolo ndi la ola limodzi ndi theka basi, lopanda kupumira pakati. Pitani. Mukatuluka musathamangire basi, mukakhale naye penapake mudye, ndipo mumufunse kuti ndi malo ati amene anamukhudza. Akatchula za mzukwa, mumusiye alankhule.