Za konsati ya Proms ija munafunsa, achemwali

Achemwali amene mwafunsa za konsati munaiona pa TV kuntchito kwanu ku Randburg, ija anthu ambirimbiri ataimirira kutsogolo kwa oimba mbendera zili m'manja, ndipo mwati mwana wanu wa zaka 10 chionereni pa foni wangokakamira kuti akufuna violin koma inu mukuopa kuti mwina ndi zinthu za azungu olemera okha, ndati ndikuyankheni mofatsa chifukwa mayankho ambiri pamwambapa akungoti zimenezo si zathu. Ine ndimaimba besi mu kwaya ya kumpingo kwathu ku Rosettenville ndipo makonsati amenewa ndakhala ndikuwatsata zaka zambiri ndithu, ndiye mundipirire, ndilemba zambiri.

Chimene munaonacho dzina lake ndi BBC Proms. Chimachitikira ku London chaka ndi chaka, kuyambira pakati pa Julaye mpaka pakati pa Sepitembala, masabata 8, makonsati oposa 70, pafupifupi tsiku lililonse kumakhala kanthu. Kwawoko imakhala nthawi yotentha, dzuwa limalowa mochedwa, pamene ife kuno ku Joni timakhala tili pa hita ndi mabulangete awiri. Ambiri mwa makonsatiwo amachitikira mu holo yozungulira yotchedwa Royal Albert Hall, anaitsegula mu 1871, mumalowa anthu oposa 5,000. Ya mbendera ijayo ndi ya tsiku lotseka, amati Last Night, ndiye imene anthu ambiri amaidziwa poti imaonetsedwa pa TV m'maiko ambiri, koma kunena zoona ndi usiku umodzi wokha basi ndipo sifanana ndi masiku enawo, ndibwererako kumeneko.

Tsono apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse achemwali. Anthu aja munawaona ataimirira si kuti mipando inawathera ayi, chikondwererochi anachiyambitsira iwowo. Dzina loti Proms likuchokera ku liwu lachizungu lotanthauza kuyendayenda, chifukwa pachiyambi anthu ankamvera nyimbo ataimirira kapena akuyenda mu holo. Anayambitsa ndi anthu awiri mu 1895, Robert Newman amene ankayendetsa holo ina yotchedwa Queen's Hall, ndi mnyamata wotsogolera oimba dzina lake Henry Wood, nthawi imeneyo ali ndi zaka 26 zokha. Maganizo a Newman anali akuti nyimbo zimenezi zisamakhale za mabwana ovala masuti okha, atsitse mtengo kuti kalaliki, wogulitsa mu sitolo, wantchito wamba athe kulowa, ayambe ndi nyimbo zosavuta kumva kenako pang'onopang'ono khutu lizolowere zolemerazo. Tikiti yoimirira inali shilin'i imodzi, ndipo ankaloledwa kudya, kumwa ngakhale kusuta momwemo. Mwambo umenewo sunafe. Mpaka lero tsiku lililonse amasiya malo mazanamazana oimirira amene amagulitsidwa tsiku lomwelo, mu 2024 anali mapaundi 8, ndalama yosafika R200. Ndipo chimene chimandigwira mtima ine nchoti malo otchipawo ndi amene ali kutsogolo kwenikweni, pafupi ndi oimba, olipira zambiri amakhala pa mipando m'mbali ndi kumbuyo. Tangoganizani ku ukwati wakumudzi ana ndi anthu wamba atakhala pa tebulo lapamwamba, mafumu ali kumbuyo kwawo. Ndi mmene zilili mu holo muja.

BBC inatenga chikondwererochi mu 1927 nkuyamba kuchiulutsa pa wailesi, ndiye anthu oti ku London sanapondeko anayamba kumvera ali m'nyumba zawo. Mu Meyi 1941 nthawi ya nkhondo yachiwiri bomba linagwera Queen's Hall, kumene makonsatiwa ankachitikira, nkuitentha, zoimbira zambiri zinapsera momwemo, koma chaka chomwecho anasamukira ku Royal Albert Hall osalumphitsa. Henry Wood anatsogolera pafupifupi zaka 50 mpaka anamwalira mu 1944, ndipo ngati munaonetsetsa pa TV paja kumbuyo kwa oimba pali chiboliboli cha mutu wa munthu, ndi iyeyo, usiku wotseka amachiveka nkhata ya masamba.

Mwina mwanayo akufunsani kuti bambo kapena mayi woimirira kutsogolo ndi kamtengo uja amatani. Ndi kwayamasitala basi, ngati wathu wa kumpingo, kungoti mmalo mwa mawu a anthu akutsogolera zoimbira za anthu 80 kapena 100. Ndipo ife oimba kwaya tili ndi mwayi chifukwa kapangidwe kake ndi komweko timakadziwa kale. Ma violin ali ngati sopulano, viola ndi alito, cello ndi tena, chachikulu chija munthu amachiimba ataimirira kapena atakhala pa kampando katali ndiye besi. Kumbuyo kwawo kuli zitoliro, kenako malipenga, kumapeto ng'oma. Asanayambe mumva choimbira chimodzi chotchedwa oboe chikulira noti imodzi, A, onse nkumachuna zawo kutsatira iyo, monga momwe kwayamasitala amaperekera doh tisanayambe nyimbo. Munthu amene anakulira pa sol-fa ku CCAP kapena ku Anglican kapena ku Katolika, amene anaimbako Haleluya ya Handel pa Khirisimasi kapena pa Pasaka, sangauzidwe kuti nyimbo zimenezi ndi zachilendo kwa iye. Handel analemba imeneyo mu 1741 ndipo makwaya a ku Malawi amaiimba pamtima, ena opanda ngakhale kiyibodi. Nyimbo ya fuko lathu imene analemba a Michael Sauka nayo ili m'mawu anayi omwewo. Khutu tili nalo kale, chimene tinasowa ndi zoimbirazo ndi aphunzitsi ake, poti violin ndi yodula ndipo kusukulu zathu zambiri kunalibe.

Kanthu kena kamene kamandisangalatsa ndi khalidwe la anthu oimirira aja, ena amabwera chaka chilichonse mpaka amadziwana ngati anthu a mudzi umodzi. Pakakhala piano, antchito akamatukula chivindikiro chake oimirira pansi amakuwa liwu limodzi, oimirira m'mwamba mwa holo nkuyankha, ngati anthu onyamula denga la nkhokwe. Potuluka amayendetsa ndowa kusonkha ndalama zothandizira oimba ovutika ndi ana ophunzira nyimbo. Koma nyimbo ikangoyamba zii, anthu mazanamazana ataimirira mwina ola lathunthu osasuntha.

Tsono za usiku wotseka uja. Gawo lake lomaliza amaimba nyimbo zotamanda dziko lawo, yolemba Elgar, yolemba Parry, ndi ina yotchedwa Rule, Britannia ya mu 1740 imene imati iwo ndiwo olamulira nyanja ndipo sadzakhala akapolo. Ine imeneyo imandiwawa ndithu, sindibisa. Nthawi imene inkalembedwa zombo zawo zinali zikututa anthu akuda kupita nawo ku America, ndipo ife tomwe dziko lathu analitenga mu 1891 nkulitcha Nyasaland, a Chilembwe anafera zimenezo mu 1915, ufulu tinaupeza mu 1964. Ndiye amene alemba pamwambapa kuti anaona mbendera zija mtima nkuwawa sindikuwatsutsa, akunena zoona. Ngakhale kwawoko nkhaniyi imakanganitsa anthu. Mu 2020 BBC inalengeza kuti nyimboyo iimbidwa ndi zoimbira zokha popanda mawu, kunabuka phokoso lalikulu mpaka andale kulowererapo, mapeto ake anabweza mawuwo. Mnyamata wachikuda woimba cello, Sheku Kanneh-Mason, amene anaimba pa usiku wotseka wa 2023, ananena poyera pa wailesi kuti nyimboyo imasowetsa anthu ena mtendere, ndipo anatukwanidwa kwambiri pa intaneti chifukwa cha mawu amenewo. Koma chonde tisataye masabata 8 onse chifukwa cha mphindi zochepa za usiku umodzi. Masiku enawo kumakhala Beethoven, Mahler, Mozart, nyimbo zatsopano zimene BBC yalipira anthu amoyo kuti alembe, jazz, gospel, nyimbo za m'mafilimu, makonsati a ana, ndi ma orchestra, magulu akuluakulu a oimba ndi zoimbira, ochokera ku Berlin, ku Vienna, ku America.

Ndipo achemwali, chimene ndikufuna mumuonetse mwanayo si mbendera ayi, mumuonetse ana a konkuno amene anaimirira pa nsanja imene ija. Ku Diepkloof ku Soweto kuli sukulu ya zoimbira za zingwe yotchedwa Buskaid, anaiyambitsa mayi wina wa ku England woimba viola, Rosemary Nalden, mu 1997, ndipo mu 2007 achinyamata ake anakaimba ku Proms komweko mu Royal Albert Hall. Ana a mu lokeshoni, makolo awo ogwira ntchito ngati zathu zomwezi. Kuli Abel Selaocoe wa ku Sebokeng kumwera kwa Joni kuno, anayamba kuphunzira cello ku Soweto, anapeza mwayi wa sukulu ku St John's College ku Houghton, kenako ku Manchester, mu 2021 anali ndi konsati yake ku Proms. Ameneyo mukamufufuze pa YouTube lero lomwe, amaimba cello kwinaku akuimba ndi pakamwa m'Chisotho, mawu akuya a pakhosi, nkumaimbitsa holo yonse ngati tili pa chinamwali kapena pa maliro kumudzi, wina kutsogolera ena kuvomera. Ine nditamuona koyamba ndinabwereza katatu usiku womwewo mpaka bandulo kutha. Golda Schultz, sopulano wa muno mu South Africa, ndi amene anaimba pa usiku wotseka wa 2020 holo ili yopanda anthu chifukwa cha Covid. Masabane Cecilia Rangwanasha wa ku Limpopo anaimba pa usiku wotsegulira mu 2022. Kulinso orchestra yotchedwa Chineke imene anaiyambitsa Chi-chi Nwanoku mu 2015 kuti oimba achikuda ndi a mitundu ina azioneka, inaimba ku Proms koyamba mu 2017. Ngakhale azimayi zinawatengera nthawi, woyamba kutsogolera usiku wotseka anali Marin Alsop mu 2013, patapita zaka 118. Chitseko chinachedwa kutseguka, inde, koma amene akuti si zathu akamuuze Abel zimenezo.

Za kaoneredwe kake, konsati iliyonse imaulutsidwa pa wailesi ya BBC Radio 3, zina nkumaonetsedwa pa TV za BBC. Vuto ndi loti iPlayer, tsamba lawo loonerapo pa intaneti, imagwira kwa anthu okhala ku UK okha, ndiye kuno chophweka ndi YouTube, lembani BBC Proms mupeza zidutswa zambirimbiri zaulere. Nthawi imeneyi ife timakhala patsogolo ndi ola limodzi, konsati yoyamba hafu 7 madzulo ku London kuno imakhala hafu 8, kumudzi ku Malawi chimodzimodzi. Gwiritsani mahedifoni ngati muli nawo chifukwa sipika ya foni imadya besi yonse, mumangomva ma violin okha ngati udzudzu, pamene kukoma kwake kuli pansi.

Koma TV ndi TV achemwali. Ku London ambirife sitidzafikako, visa yake ndi tikiti ya ndege si masewera, koma orchestra tili nayo konkuno. Johannesburg Philharmonic Orchestra imaimba ku Linder Auditorium ku Parktown, mkati mwa kampasi ya Wits ya aphunzitsi, malo oti ambirife timadutsa pa taxi tsiku ndi tsiku osadziwa kuti mkatimo mumachitika zotani. Ine ndinalowamo koyamba ndili ndi mantha omwe muli nawowo, ndinavala suti yanga ya kutchalitchi poganiza kuti andibweza pakhomo, ndinapeza ana a sukulu avala ma jinzi, agogo achizungu, mabanja achikuda, palibe anandifunsa kanthu. Zoimbira zikuluzikulu za besi zija zitayamba ndinazimva m'chifuwa muno osati m'makutu, zimenezo foni singakupatseni. Onani pa tsamba lawo masiku ndi mitengo, ndipo mufunse ngati pali mtengo wa ana a sukulu. Chimodzi choti mudziwiretu, nyimbo zazitali zija zotchedwa symphony zimakhala ndi magawo, kawirikawiri anayi, amapumira pang'ono pakati, anthu sawomba m'manja pamenepo, amadikira mpaka kwayamasitala atsitse manja nkutembenuka. Mukangoyang'ana iyeyo simusochera. Foni muzimitse, ndipo mwanayo adyeretu chifukwa zonse pamodzi zimatenga pafupifupi maola awiri.

Za violin yakeyo musathamangire kugula yatsopano. Ana sayambira pa yaikulu, pali masaizi a hafu ndi three quarter malinga ndi kutalika kwa mkono, ndiye mukagula musanafunse mphunzitsi mudzataya ndalama, pakatha chaka kapena ziwiri yamuchepera. Yambani mwapeza mphunzitsi kapena pulogalamu ya ana, funsani ku Buskaid ngati ali ndi malo kapena akulozereni kwina kufupi ndi kumene mukukhala, funsaninso kusukulu kwake ndi kumpingo. Miyezi yoyamba kulira kwake kumakhala kowawa m'makutu, makamaka ife okhala m'chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba za eni, ndiye mugwirizane ndi aneba nthawi yoyeserera, mphindi 20 tsiku lililonse zimaposa maola atatu Loweruka lokha. Pakali pano mulowetseni mu kwaya ya ana aphunzire sol-fa, akadzagwira violin adzapeza theka la ntchito analigwira kale.

Ine ndi anzanga awiri a mu kwaya tikupangana zopita ku Linder ikayamba season ikubwerayi, ngati mungafune kuti inu ndi mwanayo tipitire limodzi ndilembereni ku inbox, tidzakumana ku renki ya Bree tikwere taxi imodzi.