Achemwali a ku Dwangwa, yambirani pa mbale ya mpunga ndi mpasa

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa achemwali ena amene amaphunzitsa pa sukulu ya pulayimale cha ku Dwangwa. Akuti amalakalaka kuwerenga mabuku a anthu ofufuza, aja a mbiri yakale, a zaluso, a chikhalidwe ndi a sayansi ya zachilengedwe, koma akatsegula limodzi, asanafike ndi patali pomwe mutu umakhala utayamba kale kuzungulira. Amalisiya n'kutenga lina, nalonso chimodzimodzi. Funso lawo ndi lakuti: kodi asankhe phunziro limodzi n'kuiwala enawo, nanga ayambire pati?

Achemwali, zikomo kwambiri pondilembera. Ine ndikuti musasankhe phunziro ayi. Sankhani chinthu chimodzi chimene mumachiona ndi maso anu, chimene chimakupatsani funso, n'kuchilondola ngati mlenje pa mapazi a nyama. Chidzakulowetsani chokha m'mabuku a mbiri, n'kukutulutsirani ku sayansi, n'kukafika nanu ku zaluso. Mutu umazungulira chifukwa mukulowa m'buku opanda chimene mukufunamo.

Kwa ine chinthucho chinali chakudya cha masana. Tsiku lina tikudya mpunga wa faya ndi mpasa wowamba kunyumba kuno ku boma la Nkhotakota, mwana wa mlongo wanga anafunsa kuti bwanji kuno timakonda mpunga chonchi, pamene kwa agogo ake ku Ntchisi munthu akapanda kudya nsima amati wagona ndi njala. Ndinayankha kuti n'chifukwa cha madambo. Koma funsolo linandikhala pamtima, poti madambo alipo m'madera ambiri, ndipo si onse amene amadziwika ndi mpunga ngati kuno.

Nditafufuza, mpunga uja unanditengera kwa Jumbe. Salim bin Abdallah, wamalonda wa Chiswahili wochokera kugombe la nyanja ya mchere, anadzakhazikika kuno cha m'ma 1840. Iye ndi amene anamulowa m'malo, onse otchedwa Jumbe, ankagula minyanga ya njovu ndi anthu. Akapolo ankawolotsedwa nyanja pa ngalawa zikuluzikulu za matanga, kenaka n'kuyenda wapansi miyezi mpaka ku Kilwa, doko la pa nyanja ya mchere m'dziko limene lero ndi Tanzania. Anthu omwewo ndi amene anakuza ulimi wa mpunga kuno, ndiponso ndi amene anabwera ndi Chisilamu m'dera lino. Ulamuliro wawo unatha cha mu 1895 Angerezi atachotsa Jumbe womaliza. Kuyambira tsiku limenelo mpunga sindiuonanso ngati kale. Mbewu imene imaphunzitsa ana athu lero inadzera njira imodzimodzi imene abale athu anapitira osabwereranso.

Apa ndipo ndinaphunzira kufunika kwa timawu tating'onoting'ono tija ta m'munsi mwa tsamba, timene ambiri timangotidumpha. Mukamayenda kuno mudzamva kapena kuwerenga kuti akapolo okwana 20,000 ankachoka pa Nkhotakota chaka chilichonse. David Livingstone naye analemba chiwerengero, koma chake chinali 19,000, ndipo ankanena za anthu ochokera m'dera lonse la nyanja yathuyi amene ankadutsa pa ofesi ya msonkho ku Zanzibar. Iye sanawawerenge yekha, anauzidwa ndi Rigby, kazembe wa Britain kumeneko. Taonani kuti ziwerengero ziwirizi zikufanana, koma sizikukamba chinthu chimodzi: china n'cha doko limodzi, china n'cha dera lonse. Izi sizikuchepetsa kuipa kwa malonda aja ngakhale pang'ono, munthu mmodzi yekha kugulitsidwa ndi tsoka lokwana. Koma anthu amene anavutika aja tiyenera kuwalemekeza ponena zoona zenizeni za iwo. Buku la ofufuza limaposa nkhani ya pa Facebook pa chifukwa ichi basi: limakuuzani kumene latenga mawu ake, kuti inunso mukathe kukaona nokha.

Muzifunsanso kuti wolembayo anali ndani ndipo anaima mbali iti. Zambiri zimene zinalembedwa za Nkhotakota m'zaka zimenezo zinalembedwa ndi azungu apaulendo, amishoni ndi akuluakulu a boma la atsamunda. Livingstone anafika kuno mu 1861 ndi mu 1863, ndipo mkuyu umene amati anakhalapo ulipobe. Bishopu Chauncy Maples, amene anamira pa nyanja mu 1895, manda ake ali m'tchalitchi cha All Saints. Amenewa mayina awo timawadziwa, masiku awo timawadziwa. Nanga mayi wa ku Kasungu amene anamangidwa goli n'kufika naye padoko lino, dzina lake analemba ndani? Ine zimenezi zimandipweteka. N'chifukwa chake ndimalemekeza ofufuza amene amakhala pansi ndi mafumu ndi agogo athu, kumva mbiri ya pakamwa, n'kuiyerekeza ndi zolembedwa.

Tsono tibwerere ku mbale ija, poti munalinso mpasa. Ndinkangoidziwa ngati nsomba yokoma ndi yodula. Zolemba za akatswiri a nsomba zinandionetsa kuti mpasa amakulira m'nyanja koma amakwera mitsinje kukaikira mazira pa timiyala ta pansi pa madzi oyera. Matope akakwirira timiyalato mazira amafa. Bua ndi umodzi mwa mitsinje imene mpasa akukwerabe, ndipo chimodzi chimene chikuthandiza n'chakuti mtsinjewu umadutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, yaikulu masikweya kilomita 1,800, m'mene mitengo ikugwirabe nthaka. Ndi nkhalango yomweyi imene inalandira njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete mu 2016 ndi 2017, zakezo zitatsala pang'ono kutha ndi opha nyama mozemba. Mwaona m'mene ulusi ukulukanira? Minyanga imene inakopa Jumbe, njovu za m'nkhalango, mitengo ya m'mbali mwa Bua ndi nsomba ya m'mbale mwanga, zonse ndi nkhani imodzi, ngakhale mu laibulale zimakhala pa mashelefu osiyana.

Inu a ku Dwangwa nkhungu mumaidziwa, ija imafuka pakati pa nyanja ngati kwinakwake kukupsa tchire. Ndili mwana ndinkaona amayi akunyowetsa lichero n'kumalikupiza m'mwamba, tizilomboto n'kumamatirira, kenaka amatikanda n'kukulunga m'masamba. Sindinadzifunsepo kuti timachokera kuti. Ofufuza amati timayamba ngati timphutsi tooneka ngati galasi, timene masana timatsikira pansi kwambiri kuthawa nsomba, usiku n'kukwera kudzadya. Nyanja yathu ndi yakuya pafupifupi mamita 700 chakumpoto, ndipo mukapitirira mamita 200 ndi kanthu madzi ake alibe mpweya wa okosijeni, moti nsomba sizikhalako. Timphutsi timeneti timapirira kumene nsomba zimalephera. Chinandisangalatsa n'chakuti Livingstone yemwe uja anapatsidwa chikanda cha nkhungu paulendo wake wa panyanja, nalemba kuti chinkakoma ngati dzombe lothira mchere. Munthu wa mbiri ndi munthu wa sayansi anakumana pa ndiwo ya amayi anga.

Za nsomba zina zija za mbuna, utaka ndi chambo, zimene zazikazi zimasunga mazira ndi ana m'kamwa, mudzapeza zolembedwa zambirimbiri, poti nyanja ino ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere. Koma musathere m'buku. Kakhaleni pa gombe ndi msodzi wachikulire akusoka ukonde. Ine wina wa ku Chia anandiuza mayina a nsomba ndi nyengo zake, ndi m'mene mwera umasinthira malo ozipeza, zinthu zimene ndinadzazipeza pambuyo pake zitalembedwa m'Chingerezi chovuta. Ku chilumba cha Mbenji ku Salima, a Makanjira ndi anthu awo akhala akutseka usodzi m'nyengo ya dzinja kuyambira m'ma 1950, ndipo lero ophunzira a ku yunivesite amapita kukafufuza m'mene amachitira.

Zaluso ndi chikhalidwe zinabwera pambuyo, nditafuna kudziwa kuti Jumbe asanafike kuno kunali ndani. Funsolo linandifikitsa ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka, kumene kunali likulu la a Kalonga a Maravi. Katswiri wofukula zakale Yusuf Juwayeyi anakumba pamalopa n'kupeza mikanda ya galasi, zidutswa za mbale za ku China ndi zopangidwa ndi minyanga, kusonyeza kuti makolo athu ankachita malonda ndi maiko akutali kalekale. Mukakwera mapiri a Dedza muli Chongoni, malo 127 a zojambula pa miyala amene UNESCO inawazindikira mu 2006. Zofiira amati n'za Akafula, zoyera n'za Achewa, ndipo zambiri zimakhudza chinamwali ndi nyau. Zimenezi muziwerenga mwaulemu, podziwa kuti si zonse za kudambwe kapena za kutsimba zimene zimayenera kulembedwa, ndipo wolemba wabwino amadziwa polekezera. Ngati mungapeze ndalama ya basi, pitani ku Mua, pa Kungoni, malo a chikhalidwe ndi zaluso amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976. Mukaona zigoba za gule zili m'mizere, masamba amene ankakulemerani aja adzayamba kupepuka.

Pa kawerengedwe kake, buku la ofufuza si nthano yoti muyambe tsamba loyamba mpaka lomaliza. Werengani mawu oyamba, pamene wolemba amanena chimene akufuna kutsimikiza. Kenaka pitani kumapeto kumene kuli mndandanda wa mawu, mufune "Kota Kota", poti m'mabuku akale dzina la kwathu limalembedwa choncho, muwerenge masamba okhawo kaye. Masamba asanu pa tsiku ndi okwana kwa munthu amene ali ndi makope a ana oti achonge. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Khalani ndi kope lanu, ndipo mukatha ndime mulembe m'Chichewa zimene mwamva. Zikakanika kulowa m'Chichewa ndiye kuti simunazimvebe, bwerezaninso.

Mabukuwa ndi odula, sindikukana, ndipo ambiri ali m'Chingerezi. Funsani ku laibulale za sukulu za sekondale ndi kwa abusa, amasunga zambiri zimene palibe amazitsegula. Magazini ya Society of Malawi yakhala ikutuluka kuyambira 1948, ndipo nkhani zake ndi zazifupi, zabwino kuyambirapo. Bungweli lili ndi laibulale ku Mandala House ku Blantyre, ndipo zikalata zakale za boma zili ku National Archives ku Zomba. Zolemba zina zimapezeka pa intaneti mwaulere, bandulo yausiku imakwana kutsitsa zingapo.

Inuyo chinthu chanu muli nacho kale pakhomo. Mzimbe umene mumaudutsa popita kuntchito, funsani kuti mbewuyi inachokera dziko liti, anthu amene ankalima pamalopo kale anapita kuti, ndipo madzi othirira amasintha chiyani pa mtsinje wa Dwangwa. Mukadzabwera ku boma pa holide mundidziwitse, tidzapite limodzi pa mkuyu paja, ndidzakubwerekeni kope langa loyamba lija la mpunga.