Alamu, Disiki Yodulira Galasi Ija Musagule Kaye

Eya alamu, ndamva voisi yanu ija. Mwati mwabwereka grinder, makina amagetsi aja ogwira m'manja odulira zitsulo, mukufuna kudziwa disiki yoti mugule yodulira magalasi a mawindo a nyumba ya ku Area 25, komanso muli ndi galasi la tebulo lakale lomwe mukufuna kulichepetsa, ndi mabotolo omwe achemwali akufuna akhale matambula. Ndiyankhira pagulu pompano kuti enanso amve, chifukwa zinthu zitatuzi zimafuna zida zosiyana.

Tiyambe ndi mawindo. Galasi la pawindo, la mamilimita 3, 4 kapena 5, sachekera ndi disiki ayi. Amalemba mzere ndi glass cutter, kachitsulo kangati bolopeni kokhala ndi kagudumu kakang'ono kumutu, kenako nkuthyola. Kagudumu kaja sikadula galasi, kamangokanda pamwamba, ndiye mng'alu umatsata mzerewo mpaka pansi. Grinder yaing'ono ija, ya disiki ya mamilimita 115, imazungulira pafupifupi ka 11,000 pa mphindi. Mukaigunditsa pagalasi louma, pamalo amodziwo pamatentha msanga pomwe pambali pakadali pozizira, galasi limang'aluka kulowera komwe likufuna lokha, zidutswa nkuulukira kumaso. Ndiye pa mawindo grinder ija ikhale pambali.

Cutter mukaipeza m'mashopu a hardware ku Malangalanga. Ilipo ina yokhala ndi mafuta mkati mwa chigwiriro, imeneyo ndiye yabwino. Mukapeza wamba, muziviika kamutu kake mu palafini musanalembe mzere uliwonse. Yalani bulangeti lakale patebulo losapendama, pukutani galasi lisakhale ndi fumbi, chifukwa kamchenga kamodzi kamadumphitsa kagudumu ndipo pomwe kadumphapo ndi pomwe mng'alu udzakhotere. Ikani thabwa lowongoka ngati rula. Chenjerani apa: kagudumu kamakhala mamilimita awiri kapena atatu kuchoka pa rula, ndiye muyeze pomwe kagudumu kakugwera, osati pomwe rula yathera. Kokani kamodzi, kuchoka m'mphepete mwa uko mpaka kutulukira m'mphepete mwa kuno, osaima panjira. Kazimveka kuti tswiii mosadukiza. Mukaona tiufa toyera tikutuluka pamzere, mwakanikiza kwambiri. Osabwereza mzere. Anthu ambiri amaona ngati kubwereza kukuzamitsa, koma kumangobunthitsa kagudumu ndi kuphwanya mzere woyamba uja.

Mukangolemba, thyolani nthawi yomweyo, osapita kaye kukamwa tiyi. Lowetsani pensulo pansi pa mzere chakumapeto, mzere uli kumwamba, nkukanikiza mbali zonse ziwiri ndi zikhatho. Limangoti tha. Ngati kachidutswa kochotsako ndi kopyapyala, kosafika masentimita awiri, musagwire ndi zala, gwiritsani pulayazi. Galasi la kubafa lija lokhala ndi mizere, lembani mbali yosalala. Kalilole lembani mbali ya galasi, osati kumbuyo kopakidwa.

Koma kunena zoona alamu, ngati magalasiwo simunagule kale, kuli bwino mungopita ndi miyezo, omwe amagulitsa magalasi amakudulirani pomwepo. Ntchito yanu ikhale kuyeza bwino. Mafulemu achitsulo owotcherera pamanja sakhala ofanana ndendende, ngakhale aoneke ofanana ndi maso. Bowo lililonse la fulemu yezani mulifupi kumwamba ndi kumunsi, mulitali kumanja ndi kumanzere, tengani muyezo wochepawo nkuchotsapo mamilimita 3. Galasi likalowa mothina, chitsulo chikatentha ndi dzuwa la Okutobala kapena chitseko chikamenyetsedwa, limang'aluka kuchokera pakona. Lembani nambala pa bowo lililonse ndi choko, nambala yomweyo papepala, kuti musadzasokoneze. Ndipo putty, phala lija lomatira galasi mufulemu, mukagule wa mafulemu achitsulo, alipo wina wa amatabwa. Muyambe mwayala wochepa mufulemu, galasi ligone pa putty, osati pachitsulo.

Tsopano tebulo lija. Apa ndiye ndikufuna mumvetsere bwino. Magalasi ambiri a matebulo, a zitseko za shawa, a chitseko cha uvuni ndi a m'mbali mwa galimoto amakhala ophikidwa, aja amalemba kuti tempered kapena toughened. Kufakitale amalitenthetsa kupitirira madigiri 600 nkuliziziritsa mwadzidzidzi ndi mphepo, ndiye kunja kumauma kofinyika pomwe mkati mukadali mokokeka. Limalimba kwambiri, koma mukangoboola khungu lakunjalo, lonse limaphulika nthawi imodzi nkukhala timiyala ngati chimanga chokonola. Palibe disiki, palibe cutter, palibe mmisiri amene angalidule. Amalidula lisanaphikidwe basi. Yang'anani m'makona onse anayi ngati pali kachidindo ka mawu amenewo, tempered kapena toughened. Ngati palibe, valani magalasi adzuwa aja a polarized muliyang'ane padzuwa mopendeketsa. Mukaona timadontho kapena mizere yakuda mkati mwake, ndi lophikidwa. Mukakayika, litengeni ngati lophikidwa, mupangitse tebulo lolingana ndi galasilo.

Disiki imagwira ntchito pa mabotolo aja, pa matailosi a galasi, ndi pa galasi lochindikala lomwe silinaphikidwe. Musagule yokhala ndi mano ya matabwa, musagule yakuda ija yodulira zitsulo. Mukufuna ya dayamondi, ija yokhala ndi timchenga ta dayamondi m'mphepete. Koma za dayamondi zilipo mitundu itatu, ndipo wogulitsa akhoza kukupatsani iliyonse nkuti zonse ndi chimodzimodzi. Ina ili ndi mipata m'mphepete, yogawikagawika: imeneyo ndi ya konkire ndi njerwa, mpata uliwonse umamenya galasi. Ina ili ndi timizere topendekera m'mphepete, amati turbo: ndi ya miyala ndi matailosi olimba, pagalasi imabenthula. Yanu ndi yosalala kuzungulira konse, yopanda mpata, pa paketi amalemba continuous rim. Ngakhale pa zosalalazo, funani yolembedwa kuti glass, chifukwa ya matailosi wamba imakhala ndi dayamondi yokhakhala. Isisiteni ndi chala m'mphepete. Ya galasi imamveka yosalala pang'ono, ndipo ndi yopyapyala, pafupifupi milimita imodzi ndi theka. Disiki yotere sicheka ngati sowo, imapera, ndiye dayamondi ikakhala yaing'onoing'ono m'mphepete mwa galasi mumatuluka mosabenthuka.

Musanalipire onani manambala atatu pa disiki pomwepo. Kukula kwake kulingane ndi makina. Bowo lapakati lilingane ndi shafti, kachitsulo komangapo disiki: magrinder ambiri ndi mamilimita 22.23, makina ena a matailosi ndi 25.4, ndipo disiki yogwedera pashafti imaswa galasi lililonse. Chachitatu ndi liwiro lolembedwa max rpm, lisachepere liwiro la makinawo. Palinso kamuvi kosonyeza komwe izizungulirira, kamangidwe katsate kameneko.

Makina oyenera si grinder, ndi katebulo kodulira matailosi kokhala ndi beseni la madzi pansi, ka disiki ya mamilimita 180. Kamazungulira pafupifupi ka 3,000 pa mphindi, ndipo disiki imanyamula madzi yokha. Oika matailosi ambiri ali nako, mukhoza kubwereka kwa tsiku limodzi. Madziwo ndi omwe amaziziritsa galasi ndi kugwira fumbi kuti lisalowe m'mapapo. Zoti wina azithira madzi ndi botolo inu mukudula ndi grinder, ayi alamu, grinder sinapangidwire madzi, magetsi akugwirani. Ngakhale pa katebuloko, pulagi ndi chingwe zikhale pouma, pamwamba, ndipo musaime pamadzi opanda nsapato.

Podula botolo, chotsani pepala lake, kulungani tepi ya pepala pamzere. Ligoneke, ligundeni pa disiki pang'onopang'ono mpaka ilowe, kenako muzilizungulitsa ndi manja awiri mpaka mzere ukumane. Osakankha. Mukamva mota ikusintha kulira kapena mukaona timoto, mwafulumira kapena madzi achepa. Pomwe pamavuta ndi pomalizira, sentimita yomaliza ija, chifukwa mbali yotsalayo imalemera nkudzibenthula yokha. Pamenepo chepetsani liwiro ndipo gwirani mbali zonse ziwiri. Muyambire mabotolo osafunika, awiri atatu oyamba nthawi zambiri amawonongeka dzanja lisanazolowere. Disiki ikayamba kutsetsereka osadya, sikuti yatha ayi, dayamondi yakwiririka. Idutsitseni pa njerwa yofewa yootcha kangapo, imatsegukanso.

Tambula yongodulidwa kumene musapatse munthu kuti amwere, imacheka milomo. Tengani sandipepa yakuda ija yolola madzi, yalani pamalo osalala, nyowetsani, muzipera kamwa la tambula mozungulira. Yambani ndi nambala 80 kapena 120, kenako 220, kumalizira 400. Mupinde kachidutswa ka sandipepayo mupere mkati ndi kunja kwa mlomo, chifukwa mpeni weniweni umakhala m'makona amenewo.

Magogozi a maso muvale pa ntchito zonsezi, ngakhale ya cutter, ndipo ponyamula magalasi muvale magolovesi nkumanyamula choimika, osati chogoneka, limathyoka pakati ndi kulemera kwake. Ana asayandikire. Mukamaliza musasese ndi tsache lokha, pukutani ndi nyuzipepala yonyowa, ndipo madzi a mubeseni aja musatayire pabwalo pomwe ana amasewera, akauma pamatsala ufa wagalasi.

Jambulani makona anayi a galasi la tebulo lija ndi m'mphepete mwake muponye pagulu pano ndione. Mutumizenso chithunzi cha kachitsulo kolembedwa manambala pa makina omwe mubwerekewo, ndikuuzeni kukula kwa disiki musanapite ku tawuni.