Kodi mankhwala angamalize mavitamini m'thupi mwa amayi anga?

Mayi wina wa ku Santhe, m'boma la Kasungu, wanditumizira imelo. Akuti amayi ake akhala akumwa metformin wa matenda a shuga kwa zaka zambiri, komanso omeprazole wa chilungulira amene amadzigulira okha. Tsopano mapazi achita dzanzi, patapata amavuka iwo osamva, ndipo akangolima mizere iwiri mpweya waperewera. Akufunsa ngati mankhwalawa akudya mavitamini m'thupi.

Achemwali, mwachita bwino kufunsa. Mankhwala sadya mavitamini ayi, koma ena amatchinga njira imene vitamini amalowera m'magazi kuchokera m'matumbo. Kwa amayi anuwo, amene ndikumuganizira ndi vitamini B12, amene akachepa m'thupi mapazi amatha kuchita dzanzi.

Vitamini ameneyu amabwera atakakamira ku zakudya monga usipa, mazira, mkaka ndi chiwindi. Kuti amasuke pamafunika asidi wa m'mimba, ndiye ntchito ya omeprazole ndi kuchepetsa asidi yemweyo. Akamasuka amayenda mpaka kumapeto kwa matumbo aang'ono, komwe thupi limamuyamwa. Kumeneko n'kumene metformin amasokoneza. Ndiye taonani, mpanda kuno, mpanda uko.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti vutoli limabwera mwakachetechete. Chiwindi cha munthu chimasunga B12 wokwanira zaka zingapo, choncho nkhokweyo imatha pang'onopang'ono mwiniwake akuona ngati zonse zili bwino. Dzanzi likayamba, aliyense amangoti ndi shugayo, pakuti nayenso amawononga mitsempha ya m'mapazi. Mitsempha ikawonongeka kwa nthawi yaitali nthawi zina siibwereranso mwakale.

Chonde amayi asasiye metformin. Shuga akakwera amawononga maso ndi impso. Mupite nawo kuchipatala tsiku lawo lisanafike, mutanyamula buku lawo la kuchipatala ndi timapaketi tonse ta mankhwala, ngakhale togula kugolosale. Omeprazoleyo mumutchule ndithu, chifukwa m'bukumo mulibe. Funsani ngati angayezedwe magazi, komanso ngati n'koyenera kupitiriza kumwa omeprazole tsiku ndi tsiku. B12 akapezeka wochepa amabwezeretsedwa ndi jakisoni kapena mapilitsi.

Kunyumbako musadalire nkhwani ndi bonongwe pa nkhani iyi. Ndi ndiwo zabwino, koma B12 mulibe. Kamulu ka usipa kapena dzira lowiritsa zisamasowe pambale pawo, ndipo madzulo aliwonse muziwayang'ana kumapazi ngati mulibe minga kapena chilonda chimene iwo sakuchimva.